Zenera likakana kulowa pabowo, wolakwa ndani?

Mukadutsa ku Biwi mumzinda wa Lilongwe kapena m'mbali mwa misewu ya ku Ndirande, mumapeza mafelemu a mazenera atayedzamira makoma a mashedi a owotcherera, atapakidwa kale penti wofiira woteteza ku dzimbiri. Ambiri amakhala akudikira eni ake. Koma pagulupo sipalephera kupezeka limodzi lomwe linapita kunyumba ya munthu n'kubwerako chifukwa linakana kulowa pabowo. Zikatere mlandu wayamba. Womanga akuti wowotcherera sadziwa kuwerenga tepi, wowotcherera akuti womanga anakhotetsa khoma, ndipo wopisanso m'thumba ndi mwini nyumba.

Kale mikangano yotere sinkachuluka. Felemu lachitsulo linkagulidwa khoma lisanafike pamsinkhu wa zenera. Womanga ankaliimika, kulichirikiza ndi mitengo, n'kumayala njerwa molizungulira, timiyendo take tikumira m'matope. Khoma ndilo linkatsata felemu. Masiku ano ambiri akufuna mazenera a aluminiyamu, omwe amaikidwa nyumba itatha kupakidwa pulasitala. Ena akuchotsa mafelemu akale odyeka ndi dzimbiri kuti aike atsopano. Apa zinthu zimatembenuka, chifukwa bowo lilipo kale ndipo zenera ndilo liyenera kulitsata.

Tsono mabowo athu ambiri sakhala owongoka. Njerwa zootcha zimasiyana kukula malinga ndi chikombole cha woumba, ndipo pulasitala amanenepa pena, pena n'kuwonda. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sayeza kamodzi n'kupinda tepi. M'lifupi amayeza katatu: m'mwamba, pakati ndi m'munsi. Msinkhu amauyezanso katatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Pa manambala atatuwo amatenga yaing'ono kwambiri, chifukwa kampata kotsala kamatsekeka mosavuta pamene felemu lopitirira limafuna hamala ndi tchizulo. Pa aluminiyamu amachotsaponso mamilimita pafupifupi 10 kuti zenera lilowe mosakakamiza.

Muyeso womwe ambiri amaulumpha ndi wopingasa, kuchokera pakona ya m'mwamba kumanzere kufika pakona ya m'munsi kumanja, kenako mbali inayo. Mizere iwiriyo ikasiyana ndi mamilimita oposa 5, bowolo ndi lopendekeka ngakhale m'maso likuoneka bwinobwino. Mukalikakamiza zenera pamenepo, lidzavuta kutseka ndipo mvula yamphepo idzapeza polowera.

Palinso nkhani ya mafiti ndi mamilimita. Amisiri ambiri achikulire amalankhula mafiti ndi mainchesi, pamene odula magalasi ndi opanga za aluminiyamu amalemba mamilimita. Inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4, kutanthauza kuti mafiti 4 ndi mamilimita 1,219. Munthu akangoti "folo fiti", mnzake n'kulemba 1,200 poganiza kuti n'chimodzimodzi, mamilimita 19 asowa kale ntchito isanayambe. Ndiye taganizirani muyeso wolembedwa ndi pensulo pakapepala kong'ambidwa ku thumba la simenti, kujambulidwa pafoni n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa mwini nyumba yemwe ali ku Joni, iyenso n'kuutumiza kwa wopanga mazenera ku Limbe. Manambala awiri ali pamenepo, koma palibe walemba kuti m'lifupi ndi iti, msinkhu ndi iti. Mwambo wa ntchitoyi ndi kuyamba ndi m'lifupi, koma si onse amautsata, ndipo zenera lomwe limayenera kuimirira limabwera logona.

Tepi nayonso ili ndi kachinsinsi kake. Kambedza ka kumapeto kwake kamagwedera pang'ono, ndipo ena amakakhomerera ndi hamala poyesa kuti kawonongeka. Ayi ndithu, anakapanga choncho dala. Kamasuntha molingana ndi kuchindikala kwake kuti muyeso ukhale woona, kaya mwakakoletsa kunja kwa khoma kapena mwakakankhira mkati mwa bowo. Mukakakhomerera, mwaiwononga tepiyo.

Magalasi amayezedwa felemu litakhazikika kale, osati pogwiritsa ntchito manambala a papepala loyamba lija. Pafelemu lachitsulo galasi limadulidwa mocheperako ndi mamilimita pafupifupi 3 kuti likhale ndi mpata dzuwa la Okutobala likatenthetsa chitsulo, ndipo yezani kabokosi kalikonse pakokha, popeza wowotcherera sagawa zipinda mofanana ndendende. Galasi lolimbitsidwa pamoto, lomwe ogulitsa amati toughened, silidulikanso likatuluka kufakitale. Mukalakwitsa muyeso, mugula lina basi.

Mwa zonsezi, chomwe chimandidabwitsa n'chakuti eni nyumba amaumira ndalama ya minibasi yoti mmisiri akadzionere yekha bowolo, kenako n'kulipira thumba la simenti ndi tsiku lonse la womanga pomwe anyamata akuti, "Bwana, tingogumulako pang'ono." Kugumulako nthawi zina kumafika m'mwamba, pa konkire yomwe yanyamula njerwa za pamwamba pa zenera, ndipo pamenepo mng'alu suchedwa.

Ngati mukumanga kapena kusintha mazenera chaka chino, dikirani pulasitala aume, itanani amene adzapange zeneralo adzayeze yekha, ndipo alembe manambalawo m'mamilimita inu muli pomwepo, aliyense atenge kope lake.