Dziko la Atonga, Pakati pa Mapiri ndi Nyanja

Munthu wochokera ku Nkhotakota pamsewu wa M5 akangopitirira Dwangwa amayamba kuona dziko likusintha. Kumadzulo kuli mapiri a Viphya, kum'mawa kuli Nyanja ya Malawi, ndipo pakati pake patsala kachigwa kopapatiza kobiriwira chaka chonse. Kumeneku ndiye kwawo kwa Atonga, m'boma la Nkhata Bay.

Mapiriwa ndiwo amadyetsa dzikoli. Mphepo ya mwera imanyamula chinyontho kuchokera panyanja, ndipo ikagunda mapiri mvula imagwa yochuluka. N'chifukwa chake ku Kawalazi kuli minda ya tiyi, ndipo ku Vizara kuli mitengo ya mphira. Mtsinje wa Luweya umatsika m'mapirimo n'kuthira m'nyanja kufupi ndi Chintheche. Ku Kande kuli mchenga woyera umene umakopa alendo, pamene ku Mpamba, panjira ya ku Mzuzu, alimi amagulitsa nthochi ndi chinangwa. Cha kumpoto, ku Usisya, phiri limachita kutsetserekera m'madzi, kotero ambiri amadalira maboti ndi sitima ya Ilala pa maulendo awo.

Chakudya chenicheni cha kuno ndi kondowole, nsima ya chinangwa, ndiwo zake usipa kapena batala. Pa zisangalalo amuna amavina malipenga, amayi chilimika.

Mbiri ya Atonga ndi ya anthu osagonja. Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumapiri, anagwira Atonga ambiri ukapolo. Cha m'ma 1870 Atongawo anagalukira ambuye awowo, nathawira kunyanja kumene anamanga malinga. Angoni atawalondola anagonjetsedwa pafupi ndi Chintheche, pa linga la mfumu Mankhambira.

Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe. Ngakhale likulu la mishoni linapitanso ku Khondowe mu 1894, Atonga anali atagwiritsa kale sukulu. Popeza malo olima anali ochepa, anyamata ophunzira ankapita kutheba ku Rhodesia ndi ku Joni, kumene ambiri anakhala makalaliki ndi akapitawo.

Maphunziro ndi maulendowo zinabala atsogoleri. Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko. Clements Kadalie wa ku Chifira anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Orton Chirwa anakhala mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, ndipo Kanyama Chiume wa ku Usisya anali nduna pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964.

Dzikoli ndi lopapatiza ndithu, koma ana ake anathandiza kwambiri kumasula Malawi. Mwana aliyense wa sukulu ayenera kuwadziwa mayina amenewa pamodzi ndi midzi imene inawalera.