Kuseri kwa khosi kuli zambiri

Weramitsani mutu, muyendetse chala kuchokera kunkhongo kutsika m'munsi. Kafupa kotumphuka kamene mwakakhudzako ndi komaliza pa mafupa 7 a m'khosi. Ine ndimaphunzitsa ophunzira udokotala kapangidwe ka thupi la munthu, ndipo phunziro la khosi timaliyambira pomwepo.

Mtembo wophunzirira timaugoneka chafufumimba, n'kuika kathabwa pansi pa chifuwa kuti mutu uwerame. Tikacheka khungu, lomwe pamenepa ndi lokhuthala, timasenda minofu umodziumodzi. Woyamba ndi trapezius, wotambalala mpaka m'mapewa, uja umawawa mukasenza ndowa tsiku lonse. Pansi pake pali splenius, kenaka semispinalis. Minofu imeneyi ndiyo imagwira mutu, wolemera pafupifupi makilogalamu 5, kuti usagwere kutsogolo.

Tikafika m'munsi mwa chigaza, mpeni timauika pambali, n'kumakanganula ndi kapanira mosamala. Apa timinofu titatu tasiya kampata ka ngodya zitatu, ndipo mkati mwake mwadutsa mtsempha wopititsa magazi kuubongo. Mtsemphawu, womwe ulipo kumanja ndi kumanzere, umakwera kudzera m'timabowo ta mafupa a khosi, n'kukhota pamwamba pa fupa loyamba polowa m'chigaza. Chapafupi pali mtsempha wina, woyera, umene umaboola minofu kupita ku khungu la kunkhongo mpaka cha paliwombo. Minofu ikakungika n'kuufinya, munthu amadandaula mutu pomwe gwero lake ndi khosi.

Fupa loyambalo, atlas, ndi lobulungira ngati nkhata, ndipo chigaza chakhala pamenepo. Mukamagwedeza mutu povomera, pakuyenda mpomwepo. Lachiwiri, axis, lili ndi kadzino kamene atlas amazungulirapo, ndipo pafupifupi theka la kucheuka kwanu limachitikira apa.

Pakati pa mafupa onsewa padutsa mtsempha waukulu wochokera kuubongo kutsikira kumsana, ndipo mitsempha yoyendetsa kupuma imachokera m'khosi momwemu. Ndiye munthu akagwa pa kabaza n'kumadandaula khosi kapena dzanzi m'manja, musamudzutse, musamuongole khosi, ndipo ngati wavala chipewa choteteza mutu musachivule mokakamiza. Fupa lothyoka likasuntha pang'ono chabe likhoza kumupuwalitsa kapena kumuletsa kupuma. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Ngati palibe ambulansi, ena amunyamule pamodzi, mutu ndi msana zili mowongoka, amugoneke pathabwa kapena pachitseko popita naye kuchipatala.