Pikapu ikapendekeka, kuyeza kuyambe ndalama zisanatuluke

Pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano, tsiku la msika m'mawa, pikapu yopendekeka siisowa. Imaima mbali imodzi yakumbuyo itagwa ngati munthu wosenza thumba paphewa limodzi. Ikakhala kuti yasenza kachewere ndi kabichi palibe amadabwa. Nkhani imakula ikatsitsa katundu yense ku Limbe kapena ku Lilongwe koma n'kukhalabe chopendekeka. Apa oima pafupi sachedwa kugamula mlandu kuti chassis yapindika.

Mawu amenewa amagwetsa mtengo wa galimoto nthawi yomweyo. Mwini wake angathe kuigulitsa motaya, kapena kulipira wowotcherera kuti awongole chitsulo chomwe sichinapindike n'komwe, pamene vuto linali sipuling'i imodzi yothyoka. Komanso kungoisiya sikuthandiza. Galimoto yopendekeka imadya matayala mbali imodzi, imakokera kumbali pomanga mabuleki, ndipo pakona siichedwa kugudubuka ikasenza katundu wautali, makamaka eni katundu atakhala pamwamba pa matumba.

Kuyeza sikulira zida zodula: tepi, choko, chingwe ndi malo a simenti osapendekeka. Malowo ndiwo ofunika kwambiri. M'mbali mwa msewu simoyezera, chifukwa msewu amaumanga motsetsereka kuti madzi azitsikira m'ngalande, ndiye galimoto iliyonse imaoneka yopendekeka pamenepo. Galimoto ikhale yopanda katundu, matayala onse akhale a saizi imodzi ndi mpweya wofanana mbali zonse ziwiri. Ogula matayala a kaunjika amalidziwa vutoli: tayala lina limabwera lalifupi kuposa linzake, ndipo kupendekeka kwina kumathera pomwepo. Thanki ya mafuta nayo imakhala mbali imodzi, ndipo malita 70 a dizilo amalemera pafupifupi makilogalamu 60, choncho kusiyana kwa sentimita imodzi sikoti munthu n'kusowa nako tulo.

Poyeza, tepi ichokere pansi kufika pa chassis penipeni, pamalo ofanana kumanzere ndi kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo. Kuyeza pabodi kumanamiza, chifukwa bodi ya galimoto yamalonda imakhala itamenyedwamenyedwa kale.

Wopalamula kawirikawiri ndi masipuling'i akumbuyo, ndipo nthawi zambiri akumanzere. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, kotero matayala a mbali imeneyi ndiwo amatsikira m'mphepete modyeka mwa tala popatukirana ndi mathiraki, komanso kutsetsereka kwa msewu kumakankhira katundu komweko. Makaniko alowe pansi ndi tochi, apukute matope, aone chitsulo chilichonse cha sipuling'i. Chothyoka chimabisala pakati, pomwe mabauti a U amamanga sipuling'i ku ekiselo, ndipo fumbi lofiira la dzimbiri lotuluka pakati pa zitsulo ndi chizindikiro chake. Aonenso mabushi a kumapeto ndi bauti yapakati yomwe imagwira zitsulo zonse pamodzi. Bauti imeneyi ikaduka, ekiselo imasuntha mbali imodzi, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo woona kumbuyo angalumbire kuti chassis yatha.

Sipuling'i ingathenso kungotopa osathyoka. Njira yotsimikizira n'kusinthanitsa yakumanzere ndi yakumanja. Kupendekeka kukasamukira mbali inayo, chassis ilibe mlandu. Posintha, masipuling'i agulidwe awiri. Yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zimangotembenuza vutolo. Kuonjezera chitsulo chimodzi mbali yogwayo ndi chinyengo cha ogulitsa galimoto, osati kukonza. Mashoko nawo anthu amawanamizira: ntchito yawo n'kuletsa kudumphadumpha, sanyamula galimoto.

Kutsogolo, mapikapu ambiri akale monga Isuzu KB ndi Nissan Hardbody ali ndi torsion bar, mtanda wachitsulo wokhala ndi bauti yokwezera kapena kutsitsira mbali iliyonse. Ngodya imodzi yakutsogolo ikatsika, yakumbuyo ya mbali inayo imakwera, galimoto n'kuoneka yopotoka. Ntchito ya sipanala imeneyo. Pomaliza pali marabala omwe kebini imakhalapo: akaphwanyika kebini imapendekeka yokha chassis ili bwinobwino.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, m'pamene chassis imayenera kuzengedwa mlandu. Yopotoka imadziwika poima kumbuyo chapatali n'kuyerekeza denga la kebini ndi m'mphepete mwa bodi yonyamulira katundu: chimodzi chimapendekera kwina, china kwina. Koma diso lokha si umboni. Galimoto ikwezedwe, chassis ikhazikidwe pa masitandi anayi ofanana msinkhu, pamalo ofanana mbali zonse, kuti masipuling'i asakhalenso ndi chonena. Ngodya imodzi ikapanda kukhala bwino pa sitandi yake, kapena miyezo ikasonyeza kuti kutsogolo kwatsika kumanja pamene kumbuyo kwatsika kumanzere, chassis yapotokadi. Pomwe simenti ndi yokayikitsa, kapaipi koonekera mkati kothiramo madzi, kamene amisiri omanga nyumba amalinganizira maziko, kamagwira ntchito yomweyo.

Pali kuyeza kwachiwiri, kopezera chassis yomwe mbali imodzi inakankhidwira m'mbuyo pangozi. Makaniko amangirira kanati kuchingwe, n'kutsitsa kuchokera pa mabauti ofanana a mbali zonse, monga omangira masipuling'i, n'kulemba ndi choko pomwe kakhudza pansi. Galimoto ikachotsedwa, amayeza mopingasa ngati X, kuchokera kutsogolo kumanzere kufika kumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Ikasiyana kupitirira theka la sentimita, pali nkhani. Mwini galimoto akhalepo poyezapo ndipo alembe manambalawo, chifukwa ndi omwewo adzaonere ngati ntchito yagwirika asanamalize kulipira.

Kuwongola kwabwino kumachitika chitsulo chili chozizira. Galaja yodziwa ntchito imamanga ndi matcheni ngodya zokwera kuzitsulo zokhomeredwa pansi, n'kukweza ndi jeke ngodya zotsika, pang'onopang'ono, akuyeza nthawi iliyonse. Amapitiriza pang'ono chifukwa chitsulo chimabwerera akamasula. Njira ya pansi pa mtengo wa mango, yomangirira galimoto kutsinde n'kuikoka ndi lole, imawongola pena n'kupinda pena. Choopsa kwambiri ndi moto wa gasi. Chassis ikatenthedwa mpaka kufiira imawongoka msanga, wowotcherera n'kulandira zake tsiku lomwelo, koma chitsulo chimafooka pamalopo ndipo chimadzathyokera pomwepo galimoto itasenza, mwina pa chitunda, kutali ndi galaja. Mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amadutsanso m'mbali mwa chassis momwemo.

Pakakhala mng'alu, womwe umakonda kupezeka kumbuyo kwa kebini kapena pomangira masipuling'i, mmisiri wabwino amaboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, amausema, kuuwotcherera, kenako n'kuphatikapo chigamba chachitsulo chosongoka kumapeto konse kuwiri. Chigamba cha makona anayi chimasiya mzere woongoka pomwe mng'alu wina umayambira. Ntchito ikatha galimoto ipite ku alignment isanavale matayala atsopano.

Si chassis iliyonse yoyenera kuwonongerapo ndalama. Yomwe yafinyika ngati chitini chopondedwa, kapena yomwe nyundo ikagogoda pamagwa makoko a dzimbiri, mpamba wa bizinesi usathere pamenepo. Ofuna kusintha chassis yonse ayambe afunsa ku Road Traffic, popeza nambala ya chassis ndiyo ili m'mapepala a galimoto ndipo imaonedwa pokatenga COF.

Chassis yowongoledwa idzapotokanso ngati kasenzedwe kali komweko. Pikapu ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ndi okwera onse amawerengedwa momwemo. Matumba a kachewere osokerera pamwamba aja amaposa makilogalamu 50, choncho kuwerenga matumba kokha kumanamiza. Olemera akhale pansi, pafupi ndi kebini, ofanana kumanzere ndi kumanja, osati kulendewera pa chitseko chakumbuyo. Ngalande za m'misewu ya kuminda aziwoloka pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa tayala limodzi likagwera m'dzenje lina lili pamwamba, katundu yense amapotokola chassis ngati wofinya nsalu yochapa. Wobwereka galimoto ya mnzake naye ali ndi gawo: matumba atatu oonjezera omwe amachonderera dalaivala pa Lizulu aja amadzawalipira mwezi wotsatira, galimoto ili pa masitandi, iye akusakasaka ina yodula tomato akuwolera m'madengu.