Mowa umawira bwanji popanda moto?

Ndili mwana, azakhali anga ankafulula masese kumudzi. Tsiku lina m'mawa ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Wayamba kuwira." Ndinathamanga kukasuzumira. Mumgolo thovu linali tumphutumphu, koma pansi panalibe moto. Nditaugwira mgolowo unali wofunda pang'ono chabe. Nanga ukuwira ndi chiyani?

Kuwira kumeneku n'kosiyana ndi kwa madzi a pamoto. Madzi akamawira, timathovu take timakhala nthunzi. Ta mumowa timakhala mpweya wa carbon dioxide. Chimera chimasandutsa sitachi wa muufa kukhala shuga, kenako yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso, timadya shugayo n'kumatulutsa mowa ndi mpweyawu. A Fomu 4, tengani cholembera: magalamu 180 a glucose amatulutsa magalamu 88 a carbon dioxide, omwe ndi malita pafupifupi 48. Kashuga kosadzaza n'kapu komwe, koma mpweya wake wodzaza zigubu ziwiri za malita 20 n'kutsalako!

Poyamba mpweyawu umasungunuka m'madzi. Ukachulukitsa umafuna pogwira, ndiye umasonkhana pa timisere ta chimanga ndi m'malo okhakhala a m'mbali mwa mgolo. Mukufuna umboni? Thirani kashuga pang'ono mu Fanta muone. Kathovu kakapangika kamakwera poti n'kopepuka kuposa madzi, ndipo pokwerapo kamanka nikakula, makamaka chifukwa mpweya wina wosungunuka m'madzimo umanka nulowa m'kathovuko.

Funso limene ndimalikonda ndi ili: bwanji thovu la Fanta limatha posakhalitsa pomwe la masese limakhalitsa? Kathovu kalikonse ndi mpweya wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka madzi. Mamolekyu a madzi amakokana kwambiri, zija timati surface tension m'kalasi, ndipo madzi a m'kachikopako amatsetserekera pansi mpaka kamaphulika. Mumasese muli mapuloteni ochokera ku chimanga ndi chimera. Amenewa amakhala pa kachikopako n'kukalimbitsa, monga amachitira sopo pochapa. Komanso masese ndi aphalaphala, choncho madziwo amatsika mwaulesi.

Sindikukutumani kukalawa ayi, mowa si wa ana a sukulu. Koma thobwa timamwa tonsefe, ndipo likagonera yisiti amayamba ntchito yomweyi. Chaka chatha ndinaiwala botolo la thobwa lotseka bwinobwino m'chikwama kwa masiku awiri, mu Okutobala, kukutentha. Yisiti amachita changu kukafunda. Botolo linauma gwa ngati mwala. Nditangopotokola chitsekerero, mpweya wonse wopanikizika uja unatuluka kamodzi, thobwa lonse pa makope 40 a ana anga. Ndinachita manyazi, mphunzitsi wa Physics wathunthu!

N'chifukwa chake pakete ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba, ndipo azakhali aja ankangovindikira mgolo wawo ndi chiguduli. Mukapeza botolo la thobwa latupa, musaligwedeze. Liziziritseni kaye, kenako mutsegule pang'onopang'ono, kukamwa kwake mutalozetsa kutali ndi nkhope.