Kodikodi ndi Mankhwala a M'sitolo

Achikumbe a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, ambiri mumafunsa za mankhwala osaononga nthaka amene mungagule. Nzabwino, koma kugula kokha sikuteteza munda.

Kodikodi atagwira chinangwa m'boma la Nkhata Bay pakati pa zaka za m'ma 1980, kondowole adasowa m'mabanja ambiri. Chimene chidachepetsa tizilomboti si botolo ai, koma kamavu kakang'ono kochokera ku South America, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Mukapopera mwachisawawa mumapha kamavuka, ndipo kodikodi amachulukanso.

Tsono dulani mbeu pa chinangwa chopanda matenda, ndipo bzalani ndi mvula yoyamba. Pa malo otsetsereka mizere ikhale yopingasa, kuti nthaka isakokolokere ku nyanja.