Makosi awiri pa digiri imodzi: kodi mapanga awiri sabvumbwitsa?

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikangotuluka, m'makomo ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba mumabuka nkhani imodzi. Mwana wapasa bwino, afuna kudzakhala munthu wa bizinesi, ndipo wamva kuti ku yunivesite angathe kutenga maphunziro awiri akulu-akulu pa digiri imodzi, cimene pa Cizungu amati double major. Makolo nao amakondwa, poganiza kuti mapepala akaculuka nchito siibvuta.

Okonda njira iyi amachula dzina la a Hakainde Hichilema, amene anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu 2021. Iwo anatsiriza pa University of Zambia mu 1986 ndi digiri ya Economics ndi Business Administration. Ici n'coona. Koma tikumbukire kuti pa nthawiyo Zambia inali ndi yunivesite imodzi cabe, pakuti Copperbelt University ya ku Kitwe inaima payokha mu 1987. Munthu wa digiri anali wosowa ngati madzi a m'cirimwe. Lero mayunivesite a boma ndi a anthu wamba ali mbwee, ndipo amadigiri afola mizere ndi maenivulopu m'manja. Ndiponso a Hichilema sanalekere pamenepo: anakatenga MBA ku Birmingham, nagwira nchito zaka zambiri m'makampani oona za mabuku a ndalama, Coopers & Lybrand ndi Grant Thornton.

Mtengo weni-weni wa makosi awiri suoneka pa pepala la mafizi. Uli pa nthawi. Digiri ya zaka zinai iri ndi malo owerengeka, ndipo wotenga maphunziro awiri amadzaza malo onsewo ndi makosi okakamiza, osatsala popumira. Akafeluka kosi imodzi imene inzace ya caka cotsatira idalirapo, zonse zimabwerera m'mbuyo, ndipo caka cacisanu cimalowa cokha osaitanidwa. Ndani alipira cakaco? Lendi ya ku boarding house ku Kalingalinga siidziwa kuti mvula inabvuta ku Minga kapena ku Kacholola. Amene anadalira nshawa ndi cimanga pophunzitsa ana anaziona mu 2024, pamene cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ng'ombe ikagulitsidwa kuti mwana abwereze caka, khasu ndilo limalowa m'malo mwa pulawo.

Ena adzati boma lithandiza. Inde, koma masiku a basare yaulere anatha. Kucokera pa lamulo la mu 2016, bungwe la HELSB limapereka nkhongole, ndipo ngakhale amene anaphunzira ndi ndalama za boma kuyambira 2004 anauzidwa kubweza. Ndalama ya cakudya ya ophunzira inacotsedwa mu 2019 ndi kubwezedwa mu 2023, kuonetsa kuti thandizo lotere limasintha monga mphepo.

Ife sitikuti phunziro laciwiri n'loipa. Tikuti liyenera kutsegula citseko cimene loyamba silitsegula. Economics ndi Business Administration ndi pacibale; zambiri zimene mwana aphunzira uku akazipezanso uko. Wolemba nchito pofuna munthu wosunga mabuku a ndalama safunsa kuti unatenga maphunziro angati. Amafunsa za ZICA, pakuti lamulo la mu 2008 lifuna kuti aliyense wogwira nchito ya akauntanti akhale wolembetsa ku bungweli. Cotero wofuna njira imeneyo acita bwino kutsiriza digiri imodzi ndi magiredi abwino, kenaka n'kulemba mayeso a ZICA, ACCA kapena CIMA. Mayeso awa angathe kulembedwa pang'ono-pang'ono munthu ali kale pa nchito, osatinso pa thumba la atate ace.

Koma funso limene timaiwala ndi ili: bizinesi yace iti? Ana athu ambiri akamati bizinesi aona ofesi ya pa Cairo Road ndi tayi pakhosi. Cuma ca kuno kwathu ciri m'munda: nshawa, thonje, soya, mpendadzuwa, ndi nthoci zimene amai a pa Nyimba amathamanga nazo ku mawindo a mabasi pa mseu wa Great East. Nthoci yosagulidwa lero, mkuca yaola. Nshawa zimacoka ndi matumba pa mtengo wa wogula, n'kubwera m'mabotolo pa mtengo wa mwini sitolo. Pakati apo pali ndalama, ndipo angaitole ndi munthu wodziwa mbali ziwiri: kasungidwe ndi kakonzedwe ka mbeu, ndiponso kawerengedwe ka phindu. Apa ndipo makosi awiri ali ndi nzeru, cifukwa ulimi ndi bizinesi sizibwerezana.

Njira iyi siifuna yunivesite nthawi zonse. Ku NRDC mu Lusaka kuli madipuloma a zaulimi, ndipo pafupi pano pali Ukwimi Trades, m'dera limene kale linali mbali ya boma la Petauke. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iriyonse, ndipo gawo lace linaikidwa pa mabasare a maluso ndi pa kuthandiza magulu a amai ndi acinyamata. Gulu lotere limafuna wina wolilembetsa mwalamulo, wolitengera TPIN ku ZRA ndi kulemba bwino zolowa ndi zotuluka. Ndi nchito yosaoneka ulemu, koma ndiyo imasiyanitsa gulu lokhalitsa ndi longogawana ndalama.

Kwa inu makolo amene mwana wanu waumirirabe pa makosi awiri, musanagulitse kanthu mutumeni akafunse ku dipatimenti zinthu izi: makosi okakamiza ndi angati pa caka, kodi nthawi za makalasi ndi mayeso siziombana, ndipo ngati katundu walema m'caka cacitatu, angaloledwe kutula phunziro limodzi osataya caka? Yankho abwere nalo lolembedwa.