Mukufuna PhD ya anthropology? Konzani kaye funso lanu

Mvula ikamayandikira, achinyamata amene anamaliza digiri yachiwiri amayamba kundilembera, ndipo ambiri funso lawo ndi limodzi: "Ndikufuna kukachita PhD ya anthropology, kodi ndiyambire pati?" Amafunsa pa nthawi yake, chifukwa mayunivesite ambiri a ku America amatseka kulandira makalata mu Disembala, ndipo ku Britain wofuna thandizo la ndalama amayenera kutumiza zake cha mu Disembala kapena Januwale.

Ntchito yathu ndi kuphunzira za anthu pokhala nawo. Sitifika pamudzi ndi pepala la mafunso n'kubwerera madzulo. Timakhalapo chaka chathunthu kapena kuposerapo, kudya nawo, kupita nawo kumaliro, kumsika ndi kubwalo la milandu, usiku n'kumalemba zimene taona ndi kumva. Amene anatchukitsa kafufuzidwe kameneka ndi Bronisław Malinowski, yemwe anakhala pa zilumba za Trobriand pakati pa 1915 ndi 1918. Kuchigawo chathu kuno kanadzera ku Rhodes-Livingstone Institute, komwe J. Clyde Mitchell anagwira ntchito n'kutulutsa buku la midzi ya Ayao mu 1956. Ndiye komiti yosankha ophunzira ikamawerenga kalata yanu yopempha malo imadziwa kuti tsiku lina mudzakhala nokha kumudzi kapena kutauni, aphunzitsi ali kutali, ndipo imafuna kuona ngati muli ndi chinthu choti chidzakutsogolereni miyezi yonseyo.

Chinthucho ndi funso, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amene ndawerengapo amagwera. Wina amalemba kuti, "Ndikufuna kufufuza za banki mkhonde ku Malawi." Umenewo ndi mutu chabe. Tayandikirani pang'ono. Amayi akhala pamphasa, pakati pawo pali bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Mlembi akuitana mayina, ndipo mayi mmodzi wangowerama chifukwa walepheranso kubweza. Gulu lagwirizana zokatenga mbuzi kunyumba kwake. Atafika, apeza amalume ake ataima pakhola, akunena kuti mbuzizo si za iye yekha, ndi za mbumba yonse. Tsopano funso labadwa: ngongole yolembedwa pa dzina la munthu mmodzi ikalowa m'mudzi momwe chuma chimagwiridwa ndi mbumba, wobweza ndani, ndipo chibale chimatsala chotani? Funso lotere limakulowetsani m'zokambirana zimene akatswiri akhala nazo kuyambira pa buku la Marcel Mauss la 1925 lonena za mphatso, kufika pa la David Graeber la 2011 lonena za ngongole. Pulofesa amene sanapondepo ku Malawi akaliwerenga amaona kuti iyenso aphunzirapo kanthu.

Musaderere zinthu za tsiku ndi tsiku. Harri Englund wa ku Cambridge anatenga pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma, imene tonse tinkamvera pa MBC, n'kulembapo buku lonse mu 2011, lofufuza momwe anthu wamba amadandaulira za nkhanza za mabwana ndi olemera popanda kugwiritsa ntchito mawu a mabungwe a ufulu wachibadwidwe.

Ambiri a ife timadalira zoti chilankhulo tikuchidziwa. N'zoona, ndi mwayi waukulu, ndipo muulembe mosachita manyazi: mnzanu wa ku Chicago adzatha chaka kapena ziwiri akulimbana ndi Chichewa kapena Chiyao chimene inu munayamwira. Koma kunena kuti "kwathu ndikudziwako" sikukwanira. Zimene tinakula nazo sizitidabwitsa, ndipo chimene sichikudabwitsa suchifunsa. Komiti imafuna kuona kuti mungathe kuima pambali n'kufunsa chifukwa chake amalume aja ali ndi mawu pa mbuzi pamene mwamuna wa mayiyo wangokhala chete.

Mukakonza funso, funani munthu, osati dzina la sukulu. PhD imayenda ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri okuyang'anirani kwa zaka zambiri. Werengani zimene analemba posachedwa, kenako alembereni imelo yaifupi yonena kuti ndinu ndani, funso lanu ndi lotani, ndipo likukhudzana bwanji ndi ntchito yawo. Safunika kukhala katswiri wa za Malawi. Wofufuza za ngongole ku India angakuthandizeni kuposa wodziwa za Malawi amene mtima wake uli pa mbiri ya matchalitchi.

Njira zake n'zosiyana. Ku America mumayamba ndi zaka ziwiri kapena zitatu za m'kalasi, kulemba mayeso, kenako kupita kokafufuza, ndipo zonse pamodzi zimatenga zaka 6 mpaka 8. Kumeneko funso lanu likhoza kusintha m'njira. Ku Britain ndi zaka 3 kapena 4, digiri yachiwiri imafunika, ndipo amayembekezera kuti mufike ndi ndondomeko ya kafukufuku yopsa kale: kuti, ndi ayani, kwa miyezi ingati, mwa njira yanji. Ku South Africa, monga ku Cape Town ndi ku Wits, kachitidwe kake kakufanana ndi ka ku Britain.

Zotsalazo ndi mapepala, koma pa makalata okuchitirani umboni ndichenjezeko. Nthawi zambiri amafuna atatu, ndipo achokere kwa aphunzitsi amene anawerengadi zolemba zanu. Kalata ya abusa, ya phungu kapena ya bwana wamkulu amene amangokudziwani nkhope siithandiza, ngakhale itakhala ndi chidindo chachikulu. Apempheni kudakali miyezi iwiri ndipo muwatumizire zimene mwalemba. Onjezani chaputala chabwino koposa cha kafukufuku wanu wa digiri yachiwiri, ndi zotsatira za IELTS kapena TOEFL ngati akuzifuna. Ndalama yolembetsera ikakukulirani, funsani, chifukwa masukulu ena amaichotsa kwa wopempha.

Za ndalama ndilankhule mosapsatira. Malo opanda thandizo musawavomere, ndipo musagulitse munda kapena kukongola kuti mukayambe, poganiza kuti zina zidzaoneka konko. Madipatimenti ambiri akuluakulu a ku America akakutengani amalipira fizi ndi kukupatsani ya mwezi ndi mwezi, inu n'kumathandiza kuphunzitsa. Ku Britain malo ndi ndalama zimapemphedwa padera, monga ku Commonwealth Scholarship kapena Gates Cambridge. Bungwe la Wenner-Gren la ku New York lili ndi thandizo lotchedwa Wadsworth la ophunzira ochokera kumayiko ngati athu, komanso lina la chaka cha kafukufuku. Kalata yokulandirani ikabwera, musanayankhe afunseni kuti thandizolo ndi la zaka zingati, ndiponso ngati limapitirira pa miyezi imene mudzakhale muli kumudzi kuja, chifukwa tikiti ya ndege, lendi ndi malipiro a wokuthandizani kufufuza zonse zimadzafunika nthawi imodzi.